A Diso Lachitatu ndi Kachipinda Kopanda Phokoso

Anthu ena posankha kokagwira ntchito amafunsa za nyumba, ena za sukulu ya ana, ena amangofuna kudziwa ngati mowa wa kumeneko umazizira. Adokotala amene ndikufuna ndikuuzeniwa anafunsa za khoma.

Musati ndinachita kumva, ndinalipo. Nthawi imeneyo n'kuti ndili kalipentala wa pachipatala chathu chaching'onochi, wokonza zitseko ndi mabenchi, ndiponso wonamiziridwa chilichonse chikathyoka. Tsikulo ndinali pamakwerero, ndikukhoma bolodi la kudenga m'kanjira kopita kumawodi. Ndinangoona akubwera a sisitala aakulu, pambuyo pawo mwamuna wamtali, wowonda ngati kwawo ankamuiwala pogawa chakudya, kachikwama kachikopa kali kumanja. A sisitala ankamuonetsa zimene mlendo amaonetsedwa: uku n'kochitira opaleshoni, uku n'kolandirira mankhwala, uko musayang'aneko tikonza. Mlendoyo ankangogwedeza mutu. Akalowa m'chipinda ankatseka chitseko, n'kuima pakati, n'kutsinzina. Kenaka ankasolola kachitsulo kamphanda m'thumba, n'kukagunda pabondo, n'kukaimika pafupi ndi khutu mpaka katasiya kulira.

"Muno mukumveka jenereta," iye potuluka.

Chipinda china: "Muno mukumveka msewu."

Chinanso: "Muno mukumveka anamwino."

A sisitala pamenepo anakwinya nkhope. Ine ndinatsika pamakwerero, poti zoonerera zaulere sizibwera tsiku lililonse.

Zipinda zitatha anafika kumapeto kwenikweni, kukachipinda kumene tinkaunjika mabedi othyoka. Kopanda windo, konunkha makoswe. Analowa, kutseka, ndipo anakhalitsa mpaka a sisitala anayamba kundiyang'ana ngati ndamubisa ndine. Potuluka anayankhula ndi ine.

"Achikulire, khoma ili n'lochindikala bwanji?"

"Njerwa ziwiri, bwana. Analimanga anthu osafulumira."

"Kuseri kwake kuli chiyani?"

"Udzu. Ndi mbuzi za mlonda, koma n'zaulemu."

Anagwedeza mutu kawiri. "Ndibwera mwezi wamawa."

Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti munthuyu anali dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, mabowo onse a m'mutu kupatula maso, ndipo kuti anali ndi malo atatu omuitana. Oyamba anali chipatala chachikulu cha mumzinda, kumene anaphunzirira, kumene madokotala a mtundu wake analipo kale asanu ndi atatu, olimbirana kachipinda kamodzi koyezera makutu ngati ana pa mpira umodzi. Achiwiri anali chipatala cha anthu olemera, cha makapeti ndi maluwa apulasitiki, kumene ntchito yaikulu inali kuletsa mabwana kuliza mkonono. Achitatu tinali ife. Kuno mwana akalowetsa mkanda m'mphuno, kapena munthu akatsamwa ndi munga wa nsomba, ankakwera basi tsiku lathunthu. Ena ankatsikira panjira atasintha maganizo, ena osafika n'komwe.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Akukwera galimoto ndinati, "Khoma mwalifunsa, bwana. Nanga amayi kunyumba mwawafunsa?"

"Amayi alibe vuto," iye. "Amagwirizana ndi aliyense."

Atabwera, ntchito yoyamba inali yanga. Tinatulutsa mabedi aja, ndipo ndinamanga chipinda m'kati mwa chipinda: matabwa, mabulangete akale a m'mawodi, matabwa ena, pamwamba pake matileyi a mazira khoma lonse. Zitseko ziwiri zotsatana, chilichonse ndi kagalasi kosuzumirapo, m'mphepete mwake ndinakhomera mphira ya chubu. Mutalowa m'menemo n'kutseka, mumamva magazi anu akuyenda. Ine ndinakhalamo kamodzi ndekha, ndinamva mimba yanga ikundijeda, sindinabwerezenso.

Dzina loti a Diso Lachitatu analipeza sabata yoyamba, chifukwa cha kagalasi kozungulira kamene ankamanga pamphumi. Nyale imakhala kuseri kwa phewa la wodwala, kuwala kumagunda pagalasipo n'kulowa m'khutu kapena kukhosi. Ana ankalira akawaona, kenaka n'kumalimbirana kuti ayambe ndani. Dzinalo linafupika lokha, tinkangoti a Diso.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Manja awo anali ngati a munthu wotola mazira. Mbiri inayenda msanga, anthu anayamba kubwera kuchokera kumene ngakhale basi imafikako monyinyirika. Ena ankabwera ndi mwana amene aphunzitsi anamutcha mbuli zaka zitatu, chikhalirecho mwanayo samamva. Ena ankabwera ndi agogo amene banja lonse linkawanena pamaso pawo, ndipo a Diso atawatsegula makutu, banjalo linkabwerera kunyumba lili ndi nkhawa.

Koma iwo munthu sankamudziwira nkhope, ankamudziwira m'khutu. Mutakumana nawo pamsewu ankakudutsani ngati chitsa, koma akakusuzumirani ndi kagalasi kaja amvekere, "Oo, ndinu aja a bowo la kumanzere, ana ali bwanji?" Ine ndinali khutu lawo loyesera. Makina akavuta ankandiimika pakona, iwo kumbuyo kwanga, n'kumanong'ona manambala kuti ndizibwereza. Akati "zisanu ndi ziwiri" ine ndinkati "mundigulire tiyi." Ankalemba kaye papepala, kenaka n'kuzindikira kuti ndikuwaseweretsa. Kuseka kwawo kunali kotulukira m'mphuno, kamodzi kokha, ngati munthu akuzimitsa kandulo.

Tsiku lina tikumwa tiyi uja, poti pomaliza anagula ndithu, anandiuza kumene anachokera. Anakulira kuseri kwa msika, pamzere wa okhoma zidebe. Bambo awo ankamenya malata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo pofika zaka makumi anayi makutu anali atatseka. M'nyumba mwawo chilichonse chinali chokuwa: moni wokuwa, pemphero lokuwa, ngakhale chinsinsi chomwe. "Ndili mwana," anatero, "ndinkalowa m'kabati n'kudzitsekera, kuti ndimve mmene kumakhalira kukakhala zii." Ndiye mwaona, munthu wotere mukamupatsa kachipinda kopanda windo, mwamupatsa ufumu.

Amayi anafika patatha miyezi iwiri, atakhala kutsogolo kwa lole, ndipo mawu awo anafika lole isanafike. Ankacheza ndi dalaivala, yemwe potsika ankaoneka ngati katunduyo wabwera naye pamutu. Mayi wa thupi lake, wa nsidze zojambula, woseka ndi mapewa omwe. Mumzinda ankagwira ntchito mu saluni ya akazi asanu, kumene pakamwa sipapuma kuyambira potsegula mpaka potseka. Anabwera ndi zida zawo: chowumitsira tsitsi chija chovala kumutu ngati mphika, galasi lalikulu la felemu yofiira, mabeseni, zipeso thumba lathunthu. Tsiku loyamba lomwelo anandifunsa zaka zanga, akazi anga anamwalira liti, amandichapira ndani, ndipo bwanji ndevu ndimameta ngati ndimametera mumdima. Anayamba kunditcha agogo, ine n'kumakana kuti agogo anu ndani, iwo n'kumapitiriza. Ndinati apa ndiye tapeza munthu.

Nyumba ya adokotala inali yomaliza pamzere wa nyumba za ogwira ntchito, kuseri kwa thanki ya madzi. Yoyandikana nayo inalibe munthu, denga linagwa kalekale. Amayi anakonza chipinda chimodzi, ine ndinakhoma galasi lija ndi kashelefu, ndinalembanso kachikwangwani, a sisitala n'kundikonzera zilembo ziwiri. Tinadikira.

Sikunabwere munthu. Osati chidani ayi. Akazi akuno ankachita manyazi: mutu wanga wathukutawu ukagwidwe ndi akazi a dokotala? Anamwino ankapereka moni wapatali, waulemu, uja umatseka nkhani isanayambe. Amayi akafika kumsika, ogulitsa ankasiya miseche n'kuyamba kukamba za mvula. "Agogo," anandiuza, "ine ndikafika pamalo, anthu amakhala ngati kwalowa abusa."

Madzulo a Diso ankabwera makutu atadzaza. Tsiku lonse amva za mafinya, za kamfuno, za chinthu chimene chikulira m'mutu ngati nyenje. Akafika kunyumba ankafuna bata. Sankakalipa, munthuyu kukalipa sakudziwa. Ankangopita pawailesi n'kuchepetsa pang'ono, amvekere, "Phokoso lotere limapha tinthu ta m'kati mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso." Mawa n'kuchepetsanso pang'ono. Ndipo apa ndivomere mlandu wanga. Anandiitana kuti ndikhomere mphira kunsi kwa miyendo ya mipando, ndithire mafuta m'zitseko zonse, ndikonzenso kabati imene inkalira potsegula. Ndinagwira ntchito yabwino kwambiri. Nditamaliza, m'nyumba muja munthu ankatha kulowa, kudya, n'kutuluka mnzake osadziwa.

Amayi anayamba kubwera kushedi kwanga masana. Ankakhala pabenchi losamaliza n'kumandiuza nkhani za anthu amene sindidzawaona: ya mkazi wa wapolisi amene wigi yake inapsera m'chowumitsira, ya mkwatibwi amene anakomoka tsitsi atalukidwa mbali imodzi. Ankakuwa kuti apose macheka anga, ine n'kumawaputa dala kuti apitirize. Koma nkhani zakale zimauma ngati simukuthiramo zatsopano. Chaka chitatha anayamba kubwereza zomwezo, kenaka kuzidula pakati, "Aa, ijayi ndinakuuzani kale." Kenaka ankangokhala n'kumandisankhira misomali yopindika. Kenaka anasiya kubwera.

Kunyumba anatsala ndi zonena zitatu: eya, ayi, ndi chakudya chapsa.

A Diso anazindikira patatha miyezi iwiri, ndipo kwa mwamuna kumeneko n'kufulumira. Anabwera nawo kuchipatala Lachinayi masana, odwala atatha. Choimikira nyale chinali chitathyoka sabata imeneyo, ine ndisanachikonze, ndiye anandiitana kuti ndidzagwire nyale.

"Achikulire si alendo," anawauza amayi. Amayi sanati eya, sanati ayi.

Anawakhazika pampando wa odwala. Anasamba m'manja. Anatenga kagalasi kakang'ono ka mpini wautali, n'kukatenthetsa pamoto kuti kasachite nthunzi, n'kukayesa kuseri kwa dzanja lawo. Kawiri. Odwala ena amawayesera kamodzi.

"Tulutsani lilime, amayi."

Analikulunga ndi kansalu n'kuligwira ndi zala ziwiri. Kagalasi kanalowa mpaka kukhosi.

"Nenani iii."

"Iii."

"Bwerezani. Mokweza."

"Iiii."

"Chikukuvutani kwenikweni n'chiyani?" anafunsa, lilime likadali m'manja mwawo. "Pamapweteka pomeza? Mumatopa mukayankhula? Zinayamba liti?"

Ine nyale ili m'manja, kuseka kunandifika pakhosi, koma sikunatuluke, chifukwa ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwa amayi, mbali zonse ziwiri, mpaka kudonthera pa bulauzi. A Diso anaionanso. Anaipukuta ndi thonje, mofatsa kwambiri.

"Musadandaule," anatero. "Kagalasika kamatero. Aliyense amatulutsa misozi."

Kenaka anawalowetsa m'kachipinda ka matileyi kaja, kuwaveka zomvera m'makutu, n'kutseka zitseko zonse ziwiri. Lamulo la m'menemo n'loti ukamva kulira, kweza chala. Ndinasuzumira nawo pakagalasi. Amayi anakhala tsonga, maso ali kukhoma, n'kumakweza chala pa kulira kulikonse, ngakhale kuja kochepa ngati udzudzu wa kunyumba ya eni. A Diso anasangalala. Ndinawaona akumwetulira pojambula mzere papepala, wowongoka ngati ndaujambula ine ndi rula.

"Makutu a mwana," anatero potsegula. "Kukhosi nako kuli mbee. Mulibe kanthu, amayi. Muzimwa madzi ofunda."

Amayi anakonza mpango wawo. "Zikomo, adokotala."

Masiku onse ankawatcha abambo. Aka kanali koyamba kuwamva akuti adokotala. A Diso sanamve kusiyana kwake, anali akulemba tsiku pakhadi.

Sabata yotsatira amayi anapita mumzinda kukaona achemwali awo, ndi chikwama chimodzi. Inatha sabata, ziwiri, mwezi. A Diso ankaimba foni Lamulungu lililonse, ndipo a sisitala, amene makutu awo safuna dokotala, anandiuza kuti funso loyamba linkakhala loti, "Kukhosi kuli bwanji?" Kunyumba a Diso anasiya kudyerako. Lamulungu lina ndinapita kuchipatala kukatenga nyundo yanga, ndinapeza kuchipinda kwawo koyezera n'kotsegula. Ndinasuzumira pakagalasi kaja. Anali m'katimo okhaokha, zomvera zili m'makutu, dzanja lina likudina makina, lina likukweza chala. Ndinachoka chonyang'ama, nyundo ndinakatenga Lolemba.

Lolembalo ndinawapeza pakhonde la chipatala akudya buledi wopanda kanthu.

"Adokotala, ndikutsineni khutu, poti anuwo palibe amawayang'ana."

"Nenani, achikulire."

"Ine sukulu ndinalekeza aphunzitsi asanandidziwe dzina. Koma chitseko chikasiya kulira pali ziwiri. Mwina mwachithira mafuta, mwina palibe akulowa."

Anatafuna buledi nthawi yaitali.

"Ndinawayeza bwinobwino," anatero. "Palibe chimene ndinaphonya."

"Eya, munayeza. Munthu mumamufunsa mutamugwira lilime."

Sanaseke.

Kalata inabwera mwezi womwewo, ngati inkatimvetsera. Mphunzitsi wawo wakale kuchipatala chachikulu chija ankapuma pantchito, ndipo anawatchula iwo kuti akalowe m'malo mwake. Munali fomu yoti asaine n'kubweza mwezi wotsatira usanathe, apo ayi malowo apatsa wina. Anandionetsa kushedi.

"Basi," ine, "Mulungu wakulemberani yekha. Ndiyambe kukhoma mabokosi?"

"Dikirani kaye. Ndikaone."

Anapita Loweruka, kubwerako Lachiwiri. Za kumeneko anandiuza okha, pang'onopang'ono, ngati akuzula misomali yadzimbiri. Saluni ija anaipeza asanaone chikwangwani. Ali pamsewu, magalimoto akulira, ogulitsa akukuwa, anamva kuseka kwa akazi awo kukutulukira pakhomo. Anaima pamthunzi wa sitolo yoyang'anana nayo pafupifupi ola lathunthu, akungomvetsera, mpaka mmodzi wa akazi aja anawaona: "Si alamu athu awo aima ngati mtengo wa magetsi?"

Amayi anatuluka chipeso chili m'tsitsi. Anakhala pamasitepe.

"Mawu abwerera," a Diso.

"Sanapite kulikonse."

Anawaonetsa kalata. Amayi anaiwerenga mpaka pansi, n'kuipinda bwinobwino.

"Ine sindikukana inu, abambo. Ndikukana nyumba ija. Ndinkadzimva ndikuphethira. Bwerani kuno. Kachipinda kanu kachete mukakapeze kuntchito, kunyumba muzidzapirira ine."

"Nanga odwala aja?"

"Anthu aja ali ndi inu. Ine ndinali ndi agogo a macheka, ndiye nawonso ndinawatopetsa."

Limenelo n'bodza, sananditopetse. Koma a Diso anandiuza momwemo, osachotsapo kanthu.

"Mukasaina, ine ndiyamba kufunafuna nyumba," amayi anatero. "Mukapanda kusaina, musadzandiuze chifukwa. Ndikuchidziwa kale, ndipo n'chabwino. Chimene chimapweteka n'chimenecho."

Anabwerako atatsimikiza kuti apita, ndikunena zoona. Fomu anailemba yonse tsiku lomwelo, dzina, zaka, masukulu, kusiya kamzere kapansi kokha. Anaiika mu envulopu n'kuilowetsa m'thumba la jekete lawo loyera. "Ndisaina ndikamaliza awa," anatero, akuloza benchi.

Koma benchi limenelo ndinalikhoma ine, ndikulidziwa, silitha. Ukachotsa mmodzi kutsogolo, kumbuyo kwakhala awiri. A sisitala aakulu, amene kalatayo anali ataininkhiza kale, sananene liwu ngakhale limodzi lowaletsa. Ankangobwera ndi buku lolembamo masiku a odwala. "Mwana wa mafinya uja abwerenso liti, adokotala?" "Pakatha masabata asanu ndi limodzi." A sisitala n'kumalemba akuwayang'ana, a Diso akuyang'ana kumbali. Masabata asanu ndi limodzi anali kuseri kwa mwezi uja. Onse awiri kalendala ankaidziwa.

Ine m'mawa uliwonse: "Adokotala, cholembera chauma? Ndikubwerekeni pensulo yanga ya pakhutuyi?"

"Mawa, achikulire."

Zengerezu analinda kwawukwawu, ndinawauza, ndinawauzanso, mpaka mwambiwo unaguluka mano.

Tsiku lomaliza loti kalata ingafike nthawi yake linali Lachisanu. Galimoto ya chipatala inkanyamuka naini koloko m'mawa kukatenga mankhwala mumzinda, ndipo dalaivala ndinali nditamuuza kale kuti asachoke osandiona. Itakwana hafu pasiti eyiti ndinakaima pakhomo la chipinda chawo choyezera. Envulopu inkaoneka kansonga m'thumba.

Kukanakhala kuti m'katimo munali munthu wotsamwa, kapena mwana magazi ali chuu m'mphuno, ndikanati Mulungu wasankha yekha. Koma ayi. Pampando panali mkulu wina wokonza njinga, wodzaza phula m'makutu, ntchito imene namwino aliyense amaigwira akuyasamula. A Diso anauza namwino kuti akapume, achita okha. Anafunditsa madzi. Anayesa ndi chala. Anathiramo ozizira. Anayesanso. Anamukulunga mkuluyo thaulo m'khosi ngati akupita naye kokajambulitsa.

Panja hutala inalira.

"Adokotala."

"Ndamva, achikulire."

"Ndikudziwa kuti mwamva. Vuto lanu silinakhalepo limenelo."

Anapopera madzi m'khutu la kumanja. Phula litatuluka anamuonetsa mwini wake m'kabeseni, n'kuyamba kumufotokozera mmene phula limapangikira, nkhani imene sindinawamvepo akuuza munthu. Wokonza njingayo, poti khutu linali litangotseguka kumene, ankamvetsera ngati akumuuza za kumwamba. Hutala inaliranso, kawiri. Dalaivala anakuwa chapanja kuti akachedwa agona panjira.

"Kamzere kamodzi kokha," ine. "Ndithamangira ndine."

"Latsala la kumanzere," iwo.

Ndinamva geti likutsegulidwa, injini ikunka ichepa. A Diso anaimva bwino kuposa ine. Dzanja lawo linaima m'mwamba kanthawi, madzi akudontha, kenaka anati kwa mkulu uja, "Pendekerani uku, bambo."

Tsiku limenelo sindinawapute. Ndinasunga. Mawa lake ndinati, "Ndiye mwasankha ife."

"Sindinasankhe, achikulire. Nthawi inangondithera."

"Eya. Inenso mowa sindimwa, umangondilowa."

Papita zaka khumi ndi zinayi. Ine ndinapuma ntchito, maso anayamba kundinamiza poyeza matabwa. A Diso akadali pompano, imvi mbuu, kagalasi kali pamphumi ngakhale anzawo masiku ano amavala nyale za mabatire. Ana amene anawachotsa mikanda m'mphuno tsopano akubweretsa ana awo, ndi mikanda yawo. Ukwati sunathe, papepala. Amapita mumzinda kawiri pachaka, amabwerako atametedwa bwino. Amayi kuno sanapondekonso. Anthu akamawatama kuti ndi munthu wodzipereka, anakana mzinda chifukwa cha ife, ine ndimavomereza, poti theka lake n'loona, ndipo khutu langa ili likumva chifukwa cha iwo. Theka linalo ndimakhala nalo.

Patatha masabata atatu chichokereni galimoto ija, amayi anaimba foni, osati kwa amuna awo, koma kwa ine, kudzera kwa a sisitala.

"Agogo, mundikhomere bokosi. Chowumitsira, galasi, mabeseni. Galasilo mulikulunge bwino."

"Nanga a Diso ndiwauze chiyani?"

"Auzeni akuthandizeni kunyamula. N'lolemera."

Ndinakhoma bokosi la matabwa abwino, amene ndinkasungira ntchito ina. Loweruka m'mawa tinaliika pakhonde la nyumba ija. A Diso anachotsa okha galasi kukhoma, n'kulikulunga m'bulangete la pabedi pawo. Zipeso anazitsuka chimodzichimodzi ndi kaburashi, ngati zida za opaleshoni, n'kuziyanika padzuwa. Lole inafika zisanaume, dalaivala anachita kudikira.

Zonse zitalowa, pakona panatsala kamalo kokwana dzanja limodzi. Ndinanyamula chivundikiro, misomali ili pakamwa.

"Taimani," anatero. "Ndiikemo kanthu."

Analowa m'nyumba. Pawindo ndinawaona akutsegula kabati, n'kutseka. Anapita kuchipinda, n'kubwerako. Anakhala patebulo, n'kutenga pepala ndi cholembera. Anakhala. Dalaivala anasuta ndudu yonse, kenaka anayamba kuzungulira lole akumenya matayala ndi phazi. Ine ndinalavula misomali, poti inali itayamba kukoma.

Potuluka manja anali lende, opanda kanthu. Anaima n'kuyang'ana kamalo kaja.

"Mutsekepo ndi nyuzi zakale," anatero, "zingamagundane panjira."

Ndinatsekapo ndi nyuzi. Iwo anagwira chivundikiro kuti chisasunthe, ine ndinakhoma.